Kodi malamulo a NGATI ndi NDIYE angakonze ndandanda ya ntchito m'fakitale?

Funso: Ndimayang'anira ntchito pa fakitale yaing'ono yopanga matebulo ndi mipando yachitsulo. Chitsulo chimadulidwa, chimawotchereredwa, kenako chimapentedwa. Ndandanda ya sabata ndimalemba pamanja, ndipo maoda ena amachedwa pomwe makina ena angokhala. Mnzanga wodziwa mapulogalamu akuti tilembe malamulo athu onse mu kompyuta, a mtundu wa "ngati zili motere, chitani chakuti", kuti kompyutayo izitiuza chopanga, kuchuluka kwake ndi choyambirira. Kodi njirayi ingatipatse ndandanda yabwino koposa? Tiyambire pati?

Yankho: Mnzanuyo sakukunamizani, koma wakuuzani theka la nkhani. Malamulo otere ndi abwino kwambiri ponena chololedwa ndi choletsedwa m'fakitale, komanso posankha msanga ntchito yotsatira makina akangomaliza ina. Chimene sangathe paokha ndi kukutsimikizirani kuti palibe ndandanda ina yoposa imene atulutsa. Lamulo limaona zimene zilipo pa nthawiyo, limasankha, n'kupitirira. Silibwerera kukaona kuti zikanatha bwanji likanasankha zina. Choncho malamulo muwalembe ndithu, koma ntchito yofunafuna ndandanda yabwino muipereke kwa chida china, chimene chizigwiritsa ntchito malamulo omwewo ngati muyeso.

Pulogalamu ya malamulo ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi mfundo za pakali pano: oda nambala 14 ndi ya mipando 50 ndipo ikufunika Lachisanu, makina odula alibe ntchito kuyambira 10 koloko, penti yakuda yatsala malita 20. Chachiwiri ndi malamulowo. Chachitatu ndi injini, imene imafananiza malamulo ndi mfundo, imasankha lamulo limodzi mwa amene akwanira, n'kulichita. Lamulo likachitika mfundo zimasintha, ndiye injini imayambiranso, mpaka pasatsale lamulo lokwanira. Kuti isamafananize zonse kuyambira pachiyambi nthawi iliyonse, injini zambiri zimatsata njira ya Rete ya Charles Forgy, imene imasunga zofanana kale n'kumangoonanso zimene zasintha. Injini ya CLIPS, imene inayambira ku NASA mu 1985, imayenda motere, ndipo injini ya Drools, yolembedwa m'chinenero cha mapulogalamu cha Java, inamangidwa pa maganizo omwewo. Cha mu 1980 kampani ya DEC inayamba kugwiritsa ntchito XCON, pulogalamu ya malamulo yoona ngati zigawo za kompyuta za VAX zimene kasitomala waitanitsa zikugwirizana ndiponso ngati palibe chosowa. Inathandiza kwambiri, koma onani mtundu wa ntchito yake: inkapeza kakonzedwe kovomerezeka, osati kopambana kena kalikonse.

Lamulo la m'fakitale yanu lingaoneke chonchi:

NGATI chipinda chopentera chilibe ntchito
NDIPO oda yamalizidwa kuwotchereredwa
NDIPO penti ya mtundu wake ilipo yokwanira
NDIYE ikani odayo pa gulu la zoyenera kupentedwa

Mwaona kuti silikunena kuti "pentani". Likungonena kuti odayo ndi yololedwa kulowa. Kusankha imodzi mwa zololedwazo ndi nkhani ina, ndipo mukasakaniza ziwirizi mu lamulo limodzi mudzavutika kuzilekanitsa m'tsogolo.

Tiyambe ndi funso la chopanga ndi kuchuluka kwake, chifukwa pamenepa m'pamene kufooka kwa malamulo kumaonekera bwino. Manambalawa ndi achitsanzo, mudzaikapo anu. Tinene kuti tebulo limabweretsa phindu la 60, limadya maola 3 owotcherera ndi ola 1 lopenta. Mpando umabweretsa 30, umadya ola 1 lowotcherera ndi ola 1 lopenta. Pa sabata muli ndi maola 120 owotcherera ndi maola 60 openta, ndipo zonse zimene mwapanga zimagulidwa.

Lamulo limene aliyense amayamba kuliganiza ndi lakuti yambani ndi cha phindu lalikulu. Likupangitsani matebulo 40, maola owotcherera atha onse, phindu 2,400, ndipo chipinda chopentera chikhala chopanda ntchito maola 20. Wina wodziwako pang'ono anena kuti ayi, werengani phindu pa ola la pamene ntchito imathinana, ndiko kowotcherera. Tebulo limapereka 20 pa ola lowotcherera, mpando 30, ndiye yambani ndi mipando. Mupanga mipando 60, maola openta atha, phindu 1,800, ndipo owotcherera angokhala theka la sabata. Lamulo looneka lanzeru lija lakutayitsani zambiri kuposa loyamba. Yankho lenileni ndi matebulo 30 ndi mipando 30: maola owotcherera 90 ndi 30 akwana 120, maola openta 30 ndi 30 akwana 60, phindu 2,700. Palibe lamulo la "yambani ndi chakuti" limene lingafike pamenepo, chifukwa yankholo silili m'kuyamba ndi chinthu chimodzi mpaka chitatha. Lili m'kusakaniza koti malo onse awiri adzaze pamodzi. Lamulo la phindu pa ola limalondola ngati malo othinana ali amodzi okha. Akakhala awiri, kapena akamasuntha malinga ndi zimene mukupanga, limasocheretsa.

Vuto la mtundu umenewu lili ndi njira yake ya masamu yopezera kusakaniza kopambana mkati mwa malire, linear programming, ndipo George Dantzig anapeza kachitidwe kake ka simplex mu 1947. Simufunika kulemba pulogalamu: Solver ya mu Excel kapena ya mu LibreOffice Calc imatha chitsanzo chotere m'kanthawi kochepa. Mumaipatsa zinthu zitatu: manambala oti iwapeze, omwe ndi matebulo ndi mipando, chofuna kukuza, chomwe ndi phindu, ndi malire. Imakupatsaninso chinthu chimene malamulo sangakupatseni, ndicho mtengo wa ola lowonjezera. M'chitsanzo chathu, owotcherera akawonjezera maola 2, yankho limasanduka matebulo 31 ndi mipando 29, phindu 2,730. Ndiye kuti ola lowotcherera likubweretsa 15, ndipo ovataimu yodula kuposa pamenepo ndi yotayitsa. Chenjezo limodzi: uzani Solver kuti manambala akhale athunthu. Maola owotcherera akakhala 121, ikupatsani matebulo 30.5 ndi mipando 29.5, ndipo mukangokweza nokha kuti zikhale 31 ndi 30 mwadumpha malire onse awiri.

Pamenepa malamulo ali ndi ntchito yawo, koma ili kutsogolo kwa Solver. Ndi malamulo amene amawerengera kuti sabata ino maola owotcherera ndi 104 osati 120 chifukwa wowotcherera mmodzi sabwera masiku awiri, kapena kuti matebulo asachepere 12 chifukwa pali oda yolonjezedwa kale.

Tsopano za choyambirira. Pano malamulo amachita bwino kwambiri, ndipo ena mwa iwo ali ndi umboni wa masamu. Tengani maoda anayi odikira makina amodzi. A idya maola 5 ndipo ikufunika pofika ola la 7 kuchokera pano. B maola 2, ola la 12. C maola 7, ola la 10. D maola 3, ola la 18.

Mukayamba ndi yaifupi, ndandanda ikhala B, D, A, C, zomalizika pa maola 2, 5, 10 ndi 17. Pa avereji oda ikhala m'fakitale maola 8.5, ndipo palibe ndandanda ingachepetse kuposa apa. Koma A yachedwa maola 3, C maola 7. Mukayamba ndi yofunika msanga, ikhala A, C, B, D, zomalizika pa 5, 12, 14 ndi 17. Avereji yakwera kufika maola 12, maoda awiri achedwabe, koma palibe yochedwa kuposa maola 2, ndipo lamuloli ndi lotsimikizika kuti limachepetsa kuchedwa kwa oda yochedwetsetsa. Pali lachitatu, la Moore ndi Hodgson: tsatirani nthawi yofunikira, koma oda ikangochedwa chotsani yaitali mwa zimene mwaika kale n'kuiponya kumapeto. Lipereka A, B, D, C, zomalizika pa 5, 7, 10 ndi 17. Yochedwa ndi imodzi yokha, C, koma yachedwa maola 7.

Malamulo atatu, mayankho atatu, ndipo lililonse lapambana pa muyeso wake. Nanga lolondola ndi liti? Kompyuta singayankhe, muyankhe ndinu. Ngati kasitomala amakulipiritsani pa tsiku lililonse lochedwa, mufunika muyeso wina. Ngati amangowerenga maoda amene afika pa nthawi, mufunika wina. Ichi ndiye choyamba kuchita musanalembe lamulo ngakhale limodzi: khalani pansi ndi mwini fakitale ndi a zogulitsa, mugwirizane chimene mukufuna kuchepetsa, ndipo muchilembe ngati nambala. Mapulojekiti ambiri otere amafera apa, osati pa pulogalamu.

Dziwaninso kuti chitsimikizo cha malamulo atatuwa chimagwira pa makina amodzi, maoda onse ali okonzeka kuyambira pachiyambi, ndiponso nthawi yokonza makina isakudalira zimene zinadutsa. Pa makina awiri otsatizana, monga kudula kenako kuwotcherera, pali lamulo la S. M. Johnson la 1954: pezani nthawi yaifupi koposa pa mndandanda wonse, ikakhala ya makina oyamba ikani odayo kumayambiriro, ikakhala ya makina achiwiri iikeni kumapeto, ichotseni, bwerezani. Limachepetsa nthawi yomalizira ntchito zonse. Makina akafika atatu, monga kwanuko, palibe lamulo losavuta lodziwika limene limatsimikizira yankho lopambana nthawi zonse. Ndipo chipinda chanu chopentera chimaphwanya kale zoyenerezazi, chifukwa kuchoka pa penti yoyera kupita pa yakuda kumafuna kutsuka pang'ono, pomwe kuchoka pa yakuda kupita pa yoyera kumafuna kutsuka mfuti yopopera ndi mapaipi mpaka ziyere. Nthawi ya oda ikudalira oda imene inaitsogolera.

Ndiye mumange bwanji? Lembani malamulo onse amene mumatsata, ngakhale amene ali m'mitu ya akapitawo okha, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba ndi osaphwanyika: makina amodzi sagwira maoda awiri nthawi imodzi, chosawotchereredwa sichipentedwa, chopentedwa chiyenera kuuma maola akuti chisanapakidwe. Gulu lachiwiri ndi zokhumba, zimene zingaphwanyidwe koma pa mtengo: oda isachedwe, penti isasinthidwe kawirikawiri, ovataimu ichepe. Gulu lachitatu ndi malamulo osankhira, monga atatu aja.

Samalani kwambiri pa malire a gulu loyamba ndi lachiwiri. Anthu amakonda kuika chizolowezi m'gulu la osaphwanyika. Kapitawo akanena kuti Lachisanu sapenta zoyera, mufunseni chifukwa. Mwina n'chifukwa chakuti kutsuka kumatenga nthawi ndipo safuna kuweruka mochedwa. Chimenecho ndi chokhumba chokhala ndi mtengo wake, si lamulo la chilengedwe. Chizolowezi chilichonse chimene mwachiumitsa chimatseka ndandanda zambiri zabwino, ndipo zikachuluka pulogalamu imabwera ndi yankho lakuti palibe ndandanda yotheka, popanda kukuuzani lamulo limene lalakwitsa.

Malamulo a gulu loyamba ndi lachiwiri muwasandutse operekera malikisi. Lililonse liziyang'ana ndandanda yathunthu n'kunena kuti yaphwanya kangati ndipo zawononga zingati. Malikisi akhale a magawo awiri osasakanizika: ndandanda yophwanya lamulo losaphwanyika ngakhale kamodzi ndi yoipa kuposa ina iliyonse yosaphwanya, kaya isunge ndalama zochuluka bwanji. Za gulu lachiwiri muziyeze ndi muyeso umodzi, makamaka ndalama. Mukanena kuti ola lochedwa ndi 20 ndipo kutsuka kwakukulu ndi 30, mwauza pulogalamu kuti ingalole oda ichedwe ola limodzi pofuna kupewa kutsuka, koma osati maola awiri. Manambala amenewa ndi mfundo za kayendetsedwe ka fakitale, choncho asawasankhe wolemba pulogalamu yekha.

Kenako kufufuza. Lamulo losankhira limodzi, tinene la yofunika msanga, limange ndandanda yoyamba. Pulogalamu isinthanitse maoda awiri, kapena isunthe oda imodzi kupita malo ena, iwerengenso malikisi, isunge ngati zakhala bwino, n'kubwereza kambirimbiri. Kuyesa ndandanda zonse n'kosatheka: maoda 10 pa makina amodzi ali ndi mayalidwe 3,628,800, ndipo maoda 15 ali ndi oposa 1.3 thililiyoni. Kusinthanitsa kotere kumafika poti kusintha kulikonse kwakung'ono kukuipitsa zinthu ngakhale ndandanda yabwino ilipo patali. Njira za tabu search ndi simulated annealing zimathana nazo polola kuipa pang'ono kwa kanthawi kuti zidutse. Simukusowa kulemba zonsezi nokha. OptaPlanner, imene inayamba ngati gawo la Drools, inamangidwa pa kagawidwe komweka, malamulo kupereka malikisi ndi injini ina kufufuza, ndipo Timefold inachokera kwa iyo. CP-SAT ya mu OR-Tools ya Google imalandira ntchito iliyonse ngati kagawo ka nthawi kokhala ndi chiyambi ndi mapeto, pamodzi ndi lamulo loti tizigawo ta makina amodzi tisaunjikane, ndipo ikamaliza imanena ngati yankho lake ndi lotsimikizika kukhala lopambana kapena ndi labwino chabe mwa amene yawapeza pa nthawi imene munaipatsa. Kwa fakitale ya masitepe atatu ngati yanu, ine ndingayambire pa CP-SAT.

Pali banja lina la malamulo limene limabwerera m'mbuyo, ndilo la Prolog, chinenero cha mapulogalamu chimene chinabadwira ku Marseille mu 1972. Njira ikatsekeka, Prolog imabwerera pa chisankho chomaliza n'kuyesa china. Koma yosathandizidwa imayesa njira imodzi ndi imodzi, ndipo kuchuluka kwa mayalidwe kuja kumaikulira. Imathandiza ikaphatikizidwa ndi laibulale ya malire monga CLP(FD) ya mu SWI-Prolog, imene imadula nthambi zosatheka isanaziyese.

Tsopano zimene zimaonongeka, poti n'zimene zidzakudyerani nthawi.

Vuto loyamba kulipeza ndi kuzungulira kosatha. Lamulo likuti oda yotsala ndi masiku awiri ikwezedwe kufunika kwake. Likaikweza, mfundo ya odayo yasintha, injini ikuionanso, masiku akadali awiri, lamulo likwaniranso. Drools ili ndi no-loop yoletsa lamulo kudziyambitsanso, koma siithandiza ngati malamulo awiri akuponyerana. Mankhwala odalirika ndi kuika m'mbali ya NGATI chinthu chimene lamulolo lidzachisintha, monga "ndipo sinakwezedwe kale".

Lachiwiri ndi loipa kwambiri chifukwa limabwera pang'onopang'ono. Malamulo awiri akakwanira pamodzi, injini imasankha potsata nambala ya kufunika yotchedwa salience, imene mu CLIPS imayambira pa -10000 mpaka 10000. Ndandanda ikatuluka molakwika, chosavuta ndi kukweza nambala ya lamulo limodzi. Mwezi wotsatira wina akweza lina kuti lidumphe loyambalo. Pakatha chaka muli ndi malamulo mazana, manambala osamveka, ndipo palibe amene angalosere zotsatira za kusintha kamodzi. Gawani ntchito m'masitepe ochepa, monga kuona zololedwa, kupereka malikisi ndi kusankha, ndipo mkati mwa sitepe imodzi zotsatira zisadalire lamulo limene layamba. Malamulo ofanana maonekedwe, monga nthawi youma ya mtundu uliwonse wa penti, akhale mu tebulo limodzi la sipuledishiti, osati lamulo lililonse palokha.

Lamulo la kuyamba ndi yaifupi limasiya maoda aakulu kumbuyo mpaka kalekale ngati ang'onoang'ono akubwerabe. Onjezani lamulo loti oda ikadikira kupitirira malire akuti ilowe mosayang'ana kutalika kwake, kapena gwiritsani ntchito chiwerengero cha nthawi yotsala kugawa ndi ntchito yotsala: chikatsika pansi pa 1, odayo yachedwa kale ngakhale tsiku lake lisanafike.

Injini ikayamba kuchedwa, yang'anani lamulo lofananiza ntchito iliyonse ndi inzake. Ntchito zikakhala 2,000, lamulo lotere limafananiza pafupifupi maulendo 4 miliyoni. Mangani mbali ya NGATI moti izifananiza ntchito za makina amodzi ndi za tsiku limodzi zokha.

Palinso vuto la anthu. Pulogalamu ikamawerenganso nthawi iliyonse pamene oda yatsopano yalowa, ndandanda yonse imagwedezeka, ndipo wodula amene wakonza kale chitsulo cha oda A amauzidwa kuti ayambe D. Zikachitika kangapo, ogwira ntchito amasiya kuikhulupirira n'kubwerera ku pepala. Khomani shifiti ya lero ndi ya mawa kuti isasinthe pokhapokha makina afa kapena chitsulo chasowa, ndipo kusintha kulikonse pa ndandanda yolengezedwa kale kukhale ndi mtengo m'malikisi.

Koma chimene chimagwetsa ntchito zambiri ndi manambala olowetsa. Nthawi yolembedwa m'mabuku kuti mpando umadya ola limodzi mwina inayezedwa kale, pa wowotcherera waluso, popanda kuwerenga kunyamula, kudikira ndi kukonzanso zolakwika. Ndandanda yowerengedwa bwinobwino pa nthawi zabodza imasweka tsiku loyamba lomwe. Musanagule kapena kulemba kalikonse, kwa masabata angapo lembani pa oda iliyonse nthawi yoyambira ndi yomalizira pa sitepe iliyonse, nthawi yosintha penti kuchoka mtundu wakuti kupita wakuti, ndi nthawi imene makina anaima pamodzi ndi chifukwa chake. Zonse zikhale m'mphindi. Kusakaniza maola ndi mphindi m'matebulo osiyana ndi cholakwa chofala ndipo sichidziulula msanga.

Poyesa, tengani maoda enieni a miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, muwalowetse motsata masiku amene anafika, osalola pulogalamu kuona oda isanafike. Yerekezani zotsatira zitatu pa muyeso umene munagwirizana uja: zimene zinachitikadi, za lamulo losankhira lokha, ndi za lamulo pamodzi ndi kufufuza. Mukapeza kuti lamulo lokha lafika pafupi kwambiri ndi kufufuza, imani pamenepo, chifukwa ndi losavuta kulisamala ndipo kapitawo angalitsate ngakhale kompyuta itazima. Izi zimachitika kawirikawiri pamene maoda amalowa ola ndi ola kapena makina amaima mwadzidzidzi, poti ndandanda ya sabata yonse siikhalitsa. Kusiyana kukakhala kwakukulu, ndipo ndi kusintha penti kwanuko ndikuyembekeza kuti kudzakhala kwakukulu, pitirirani ndi kufufuza.

Mukayamba kuigwiritsa ntchito, masabata oyambirira iyende pambali pa ndandanda yanu ya pamanja. Kapitawo akhale ndi ufulu wokana zimene yanena, koma alembe chifukwa m'mawu ochepa. Zifukwa zimene zikubwerezedwa muziwerenga kumapeto kwa sabata: zina zidzakhala malamulo amene munaiwala kulemba, zina nthawi zoyezedwa molakwika, zina mitengo ya m'malikisi yofunika kukambirananso ndi mwini fakitale. Pa kusintha kulikonse, yendetsaninso maoda akale aja musanakulowetse m'ntchito.